Njerwa ya a Nabanda

Ku Njuli konse kunalibe munthu wodziwa mapazi a anthu kuposa a Nabanda. Nkhope ankaiwala, maina ankasokoneza, koma munthu akangotambasula mwendo pa mphasa yawo, iwo ankati, "Ooo, ndinu aja a zala zokwerana! Kodi mayi anu anachira chifuwa chija?"

Ntchito yawo inali yozula matekenya. Amene simunalionepo thekenya, thokozani. Ndi kachilombo kochepa kuposa nthata, kamakhala m'fumbi, ndipo kamaboola khungu n'kukakhazikika m'mphepete mwa chikhadabo. Poyamba kamangoyabwa, kuyabwa kokoma koti munthu umakanda uku ukumwetulira. Kenaka kamatupa ndi mazira mpaka kufanana ndi njere ya nandolo. Ukakalekerera kamaitana abale ake, phazi lonse n'kusanduka mudzi wawo, ndipo zikafika apo chala chimatha kuwola mwini wake ali moyo.

Akuluakulu ankati kale matekenya kunalibe. Matekenyawo anafika a Nabanda ali kamtsikana kosavinidwa, zaka zomwe zija kunafika msonkho wa nyumba ndi azungu a minda. Zinthu zitatu kutulukira pamodzi chonchi, ndani akanaleka kufunsa ngati sizinanyamukire kumodzi?

A Nabanda anaphunzirira pa mapazi a azing'ono awo. Anali ndi maso akuthwa ndi dzanja losanjenjemera, ndipo chida chawo chinali munga wa mthethe basi. Thekenya saliboola ayi. Amatsegula khungu pang'onopang'ono mozungulira, n'kulinyamula lathunthu, chifukwa likaphulikira m'kati chilonda chake chimachedwa kupola. Pabowo ankathirapo phulusa losakaniza ndi fodya, pamwamba mafuta a nsatsi, thekenyalo n'kuliponya pa moto kuti thu! Pofika nthawi yokwatiwa, anthu ankachokera mpaka ku Namadzi, akutsimphina, atanyamula kankhuku kapena lichero la mapira.

Tsono munthu phazi lake likakhala pa miyendo ya mnzake, pakamwa sipatsekeka. Amayankhula kuti asamve munga. Motero a Nabanda anamva chiyambi cha matekenya kambirimbiri, ndipo tsiku lililonse chinali china. Wina ankati mizimu yakwiya poti anthu aleka kuthira nsembe patsinde pa mpoza. Wina ankati anabwera m'matumba a mchere. Wina ankanong'ona kuti azungu anachita kuwafesa m'njira ngati mawere, kuti othawa msonkho asamafike patali. A Nabanda onsewo ankawayankha chimodzimodzi: "Eti? Gwirani bondo. Musagwedezeke."

Amuna awo anali a Mathero, mkamwini wochokera kutsidya kwa Namadzi. Pa khasu panalibe wowadandaula. Apongozi ankawatama mpaka akamwini ena kunyansidwa. Zofooka anali nazo ziwiri zokha. Choyamba, ankakonda kudziwa zimene anthu ena sakudziwa. Chachiwiri, mwamuna woti anaimapo maso ndi maso ndi nguluwe m'munda wa chinangwa, ankaopa munga wa akazi awo. Akangoona a Nabanda akusankha minga, iwo ankakumbukira kuti mbuzi sizinamwe madzi.

Chaka china, mwana wawo Falesi ali kumsana, ansembe achizungu a kuseri kwa phiri anayamba kuumbitsa njerwa za tchalitchi. Kapitawo wa pa nkhuti, pamene ankakumba dothi, anali mlongo wawo wa a Nabanda, amene anali atalowa kalasi ya ubatizo n'kupatsidwa dzina loti Mateyo. A Mateyo anawapezera alamu awo malo m'gulu la oponda matope. Amayi ankathira madzi, amuna n'kumaponda akuimba, matope mpaka m'mawondo, kufikira dothi litafewa ngati phala. Ena ankaika m'zikombole, kuyanika, kenaka kuotcha mu uvuni. A Mathero anaponda chilimwe chonse. Anabwerako ndi nsalu ya akazi awo, mchere, ndi phazi lamanzere loyabwa.

"Bambo a Falesi, tabweretsani ndilione."

"Mawa, make Falesi. Lero ndatopa."

Mawalo linabala mawa linzake, linzakelo n'kubalanso.

Tsiku lina pa mphasa panakhala Che Lajabu, Myao wamalonda, Msilamu, amene anafikako kunyanja yamchere ali mnyamata ndipo sankalola kuti munthu aiwale zimenezo. A Mathero anali pa khonde, akukanda zala ndi chitsononkho.

"Che Mathero, phazi limenelo ndi lija munapondera matope a azungu?"

"Lomwelo. Nanga ndikanalisiya kunyumba?"

Che Lajabu anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Ayi, ine sindinena kanthu."

Munthu akati sanena kanthu, konzani makutu.

"Tandiuzani," anapitiriza Che Lajabu, "mfiti ikafuna kukulodzani mwendo imatani?"

"Imatapa dothi pomwe mwaponda."

"Eya. Kadothi kochepa, ka m'manja. Tsono awa sanavutike n'kukulondani m'njira ayi. Akuitanani masana, akupatsani nsalu, inu n'kuwapondera nokha, mukuimba. Kenaka atenga mapazi anuwo, awaumba, awaotcha, awamangira m'khoma. Asa! Pang'onopang'ono, mayi, chala ndi changa chimenecho!"

"Gwirani bondo," anatero a Nabanda.

A Mathero chitsononkho chinawagwa m'manja. "Koma mapazi athu awafuniranji?"

"Kunyanja kuli anthu osunga majini m'mabotolo kuti aziwagwirira ntchito. Botolo lake ndinaliona ndi maso angawa. Awa botolo lawo ndi njerwa. Belu la ansembe lija likalira, mwaona ndani amayamba kuthamangirako? Si omwe anaponda matope? Mapazi amangopita okha, mwini wake n'kumatsatira pambuyo. Wokana, phazi limatupa. Ndipo tsiku lomwe mudzafe, mzimu wanu udzapita bwanji kwa makolo anu? Udzayenda ndi chiyani?"

Nkhaniyi inawalowa a Mathero ngati madzi pa mchenga, chifukwa sinali yachilendo kwenikweni. Chiyambire ubwana ankamva kuti anthu oyamba atatsika kumwamba anaponda pa thanthwe likadali lofewa, thanthwe n'kuuma, ndipo mapazi awo alipobe mpaka lero. Ngati thanthwe linagwira mapazi a makolo osawataya, njerwa ingalephere bwanji kugwira phazi la a Mathero?

"Ndipo musalole munga," anawonjezera Che Lajabu poimirira, chala chawo chitamangidwa bwinobwino. "Langali linali thekenya wamba. Lanulo ndi lotumidwa. Wina ku Namadzi anamuboola phazi likadali m'khoma. Magazi atangodontha, basi, sanaone mwezi wina."

"Dzina lake ndani?" anafunsa a Nabanda.

"Mlamu wake wa munthu amene ndimagulako fodya. Mungamudziwe inu?"

Pa mawu onse a tsikulo, amene a Mathero anawasunga bwino ndi akuti musalole munga.

A Nabanda anayesa kuwabweza. "Galu wathuyu ali ndi matekenya. Anaponda nawo matope?"

"Amaponda pomwe ndaponda ine."

"Ine anandilowa ndili mwana, ansembewo asanabwere n'komwe."

"Ankayesa kaye ngati mankhwala ake akugwira."

"Nanga achimwene, tsiku lonse ali pa nkhuti, bwanji mapazi awo ali bwinobwino?"

"Ndiye umboni wake umenewo! Wawo samuluma."

Atasowa pogwira, a Nabanda anatumiza mawu kwa a Mateyo kuti abwere adzayankhule ndi mlamu wawo. A Mateyo anafika Lamulungu masana, kolona ali m'khosi, n'kupeza Che Lajabu abweranso kudzaonetsa chala.

"Alamu, mwayamba liti kuopa dothi?" anatero a Mateyo. "Simudziwa kuti munthu woyamba Mulungu anamuumba ndi dothi?"

"Zimenezo n'zoona," anavomera Che Lajabu. "Ifenso timatero."

"Mwamva, make Falesi?" A Mathero anadzuka pa mphasa. "Munthu amaumbidwa ndi dothi! Tsono iwowa akuumba chiyani kumeneko?"

"Njerwa, alamu, njerwa!"

A Mateyo anaona kuti mawu awo aipitsa zinthu. Pofuna kukonza, anakamba nkhani ina ya ku kalasi, ya anthu akale amene ankaumbitsidwa njerwa ndi mfumu yankhanza, mpaka Mulungu anakwiya, fumbi la dzikolo n'kusanduka tizilombo toluma. Ankafuna akafike poti Mulungu amaombola anthu ake. Sanafikepo.

"Imani pomwepo!" anakuwa a Mathero. "Njerwa. Fumbi. Tizilombo toluma. Alamu, mwanena ndinu, si ine! Ndiye kuti zimenezi zinachitikapo kale kwina!"

A Mateyo anabwerera osatsanzika.

Anthu a m'mudzi ankaseka, koma a Nabanda kuseka kunawathera. Phazi linali litatupa ngati dzungu, zala ziwiri zakumapeto zitayamba kuda, ndipo fungo lake ankalidziwa bwino. Mapazi otere anali atawaonapo: ukachedwa, kuwola kumakwera mwendo, ndipo kukakwera sikutsikanso. Mitambo inali itayamba kusonkhana pa phiri la Chiradzulu, mizere isanaungidwe. Mayi awo a Nabanda, poti sakanayankhula ndi mkamwini maso ndi maso, anayamba kucheza ndi nkhuku mokweza: "Kudya mumadya, koma kupalasa ayi!"

Kodi za njerwazo a Nabanda ankazikhulupirira? Ngakhale iwo eni sankadziwa. Zoti phazi limatapidwa ankadziwa kuti zimachitika. Iwonso akameta Falesi sankataya tsitsi lake poyera. Zoti thekenya ndi thekenya ankadziwanso. Ziwirizi zinkakhala mumtima mwawo ngati akazi a pa mitala, osayankhulana koma osasamuka.

"Chabwino," anatero m'mawa wina. "Mukuti phazi lanu lili m'njerwa. Ndikakalitenga, mulola munga?"

"Mukalitenga bwanji?"

"Ndafunsa ndine. Mulola?"

A Mathero, poganiza kuti n'zosatheka, analumbira pali malemu amalume awo.

A Nabanda anabereka Falesi, nkhata m'manja, ulendo wa kuseri kwa phiri. Anapeza khoma litafika m'khosi mwa munthu, njerwa zosawerengeka, zonse nkhope imodzi. Apa m'pamene anakumbukira kuti sanafunse kuti phazi la munthu likapsa limadziwika bwanji. Anayenda m'mbali mwa khoma akuyang'anitsitsa njerwa imodziimodzi, iwo odziwa mapazi a Njuli yonse, osaona ngakhale chala.

A Mateyo anawapeza akusuzumira chomwecho. "Achemwali, mukundichititsa manyazi. Ndikakupatsani njerwa ndiye kuti ndavomereza zachikunja."

"Achimwene, amene anawapezera ntchitoyi ndine? Mlamu wanu akaduka mwendo, munda wa mayi mudzalima ndinu, inu ndi kolona wanuyo."

A Mateyo anaganizira kukula kwa munda uja. Kenaka analoza ndi mlomo mulu wa njerwa zokanidwa, zokhota ndi zong'aluka, kuseri kwa uvuni. "Zija zinatuluka mu uvuni wa gulu lawo. Koma ine sindinakuuzeni, ndipo musatenge osapempha."

Woyenera kum'pempha anali mzungu woyang'anira zomangazo, wandevu mpaka pachifuwa. A Nabanda anagwada chapatali, poti uyu ndiye ankati amasunga anthu m'khoma. Anapempha njerwa imodzi.

"Imodzi?" anadabwa mzungu, m'Chinyanja chake chopindika. "Mayi, mphika pa fuwa limodzi, kugwa! Tenga zitatu."

Ankayesa akufuna mafuwa. Anasankha yekha zitatu zooneka bwinoko, n'kuwasenzetsa. Pochoka, a Nabanda anachita chimene ankachita ndi munthu aliyense: anayang'ana pansi. Mzungu uja ankaponda ndi chidendene, chala chachikulu chitakulungidwa ndi kansanza.

Njerwa zitatu si katundu woti mayi wa kumudzi n'kudandaula naye, koma tsiku limenelo zinalemera. Ankangoganiza za amuna onse aja anaponda, kuti mwina awasenza pamutu onsewo, ndipo sanayerekeze kutula panjira. Falesi atalirira bere anamuyamwitsa akuyenda.

Nkhani inali itafika kale kumudzi iwo asanafike. Anapeza anthu ali pabwalo la nyumba yawo, Che Lajabu ali kutsogolo, a Mathero akuyang'ana njerwa zija ngati mbuzi yoona chingwe.

"Mzungu wakeyo nayenso ali ndi thekenya," anatero a Nabanda potula. "Ndaona ndi maso anga."

Maso onse kwa Che Lajabu.

"Ndiye kuti nayenso anam'pondetsa matope kwawoko," anatero Che Lajabu mosatekeseka. "Mukuganiza anabwera kuno mofuna? Munthu kusiya amake, osakwatira, kudzadya nandolo ku Chiradzulu? Alipo akuluakulu ake amene akusunga phazi lake."

Anthu anavomera kuti iii, ndiye zilipo, ndipo mayi wina anam'mvera chisoni mzungu uja mpaka kugwira tsaya.

A Mathero anayesa khomo lotsiriza. "Koma tidziwa bwanji kuti langa lili m'zimenezi? Mwina lili pamwamba pa zenera."

"Mchere ukalowa m'ndiwo umakhala mbali iti ya mphika?" anafunsa Che Lajabu. "Munaponda nkhuti yonse. Muli m'njerwa iliyonse. Kumasula pamodzi n'kumasula ponse."

Apa m'pamene zinthu zinatembenuka. Mayi wina, amene amuna awo anaponda nawo, anaika manja m'chiuno. "Ngati zili choncho, ndiye kuti phazi la abambo a kwathu lilinso momwemo. A Nabanda, mukufuna muzigona ndi mapazi a amuna a eni m'nyumba mwanu? Mwawatengeranji?"

Ena anaseka, koma ena sanaseke. Wosunga phazi la mnzake dzina lake ndi limodzi, mfiti, ndipo dzinalo likakumata silichoka. A Nabanda anaona kuti njerwazi siziyenera kulowa m'nyumba ngakhale pang'ono. Chochitika chichitike pomwepo, dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona.

Koma chichitike n'chiyani? Kunalibe sing'anga amene anamasulapo munthu m'njerwa. Wina anati tiziphwanye, anzake n'kukuwa kuti uthyola anthu miyendo. Wina anati tizikwirire pa mphambano, koma amuna aja anakana kukwiriridwa ali moyo. A Nabanda anaganiza monga mayi wa pakhomo. Chomangidwa ndi moto chimamasuka ndi madzi. Ndiponso phazi lija, kuti munga ulowe, linkafunika kuviikidwa m'madzi ofunda. Anatereka madzi, n'kuwathira mu mkhate, mphika waukulu uja wosambira. Anatenga njerwa imodzi n'kuimiza.

Amene munamizapo njerwa youma m'madzi mukudziwa chimene imachita. Koma pa anthu a pabwalo paja panalibe amene anaikirapo khutu. Njerwa inayamba kulira, kuti tsiii, ngati anapiye ali patali, tithovu tikutuluka mbali zonse, mizeremizere, tikuthamangira pamwamba.

"Akutuluka!" anakuwa wina.

Che Lajabu anayamba Bisimila mokweza. A Mateyo, amene anatsatira achemwali awo kuti adzatsutse zonsezi, anangopezeka achita chizindikiro cha mtanda, kenaka achitanso. Mayi awo a Nabanda anathamangira ufa wa mapira n'kuthira pansi, akutchula makolo mmodzimmodzi kuti alandire ana awo. Amayi anaunjikana pa mkhate, akulozerana tithovu.

"Awo ndi abambo a kwathu awo, taonani changu!"

"Aja akuchedwa pansi aja ndi anu, achemwali. Ulesi ndi womwe uja!"

Panalibe wouza mnzake kuti pemphero lako silo. Nthawi yake inalibe. Aliyense ankafuna wake atuluke.

Njerwa itatonthola, a Nabanda anati, "Bweretsani phazi."

A Mathero anacheuka. "Kodi mbuzi zija..."

"Zamwa!" anayankha anthu angapo pamodzi.

Anaviika phazi mu mkhate mpaka khungu linafewa. A Mateyo anagwira mapewa, Che Lajabu anagwira bondo, ndipo a Nabanda anayamba. Ntchito inatenga mpaka dzuwa kupendeka. A Mathero anakuwa, anatukwana alamu awo, anatukwana azungu, anatukwana ndi mfumu yankhanza ya m'nkhani ija, analonjeza kuti abwerera kwawo kutsidya kwa Namadzi. A Nabanda anapitiriza ntchito yawo. Ankangotsegula, kunyamula, kuponya pa moto, kutsegula pena. Zala ziwiri zakumapeto zinali zitapita kale. Zimenezo anangozitsuka n'kuzimanga, ndipo zinadzagwa zokha. Koma kuwola kunaima pomwepo. Mvula yobzalira inawapeza a Mathero ali m'munda, akutsimphina, akuunga mizere, ndipo apongozi analeka kucheza ndi nkhuku.

Chimene a Nabanda sanayembekeze n'chakuti njerwa ija iwakhalira moyo wonse. Oponda matope anabwera onse, aliyense kufuna kuti imulirire payekha. Kenaka anayamba kubwera osaponda.

"Inu ku nkhuti kuja simunapiteko n'komwe," ankatero a Nabanda.

"Nanga fumbi lake silinauluke?"

A Nabanda anazindikira kuti njerwa yonyowa siilira, mpaka iume kaye padzuwa, choncho zitatu zija zinkasinthana, ndipo ankazisunga panja, pa thandala, poti aliyense azione. Malamulo anamera okha ngati bowa. Akuti njerwa isagwiridwe ndi dzanja lamanzere. Akuti madzi ake atayidwe kolowera dzuwa. Akuti wodwala pochoka asacheuke. A Nabanda sanaike lamulo n'limodzi lomwe, koma sanaletsenso, chifukwa phazi loviikidwa silivuta, ndipo anthu amene kale ankabisa mapazi mpaka kuwola tsopano ankabwera msanga kudzamva njerwa ikulira. Ankawauzanso kuti azizira nyumba kawirikawiri, aziwaza madzi pansi, aziyang'ana zala za ana asanagone. Zimenezi ankamva ndi ochepa, poti zinalibe nkhani.

Nkhani ya njerwa yokha ndiyo inkanenepa chaka ndi chaka. Falesi asanathe msinkhu, anthu anali atayamba kukamba kuti a Nabanda analowa m'tchalitchi osaonedwa, n'kusolola njerwa pansi penipeni pa guwa, mzungu n'kuwathamangitsa mpaka kumtsinje. Iwo akati, "Iyayi, anachita kundisenzetsa yekha, ankayesa ndi mafuwa," anthu ankamwetulira n'kumati, "Eee, n'zoona, simunganene zonse." Woikamba bwino kuposa onse anali a Mathero. Pa mowa ankaika phazi lawo poyera kuti anthu awerenge okha zala, ndipo zoti anakuwa tsiku lija sizinkamvekamo.

Tchalitchi chinatha kumangidwa. Ena mwa oponda matope analowadi kalasi, ena analowa Chisilamu, ena anakhala momwe analili, ndipo onsewo ankakumana pa mphasa ya a Nabanda.

Nkhondo ya azungu okhaokha itafika kumpoto, chaka cha 1915 amesenjala a boma anayenda m'midzi kugwira amuna oti akasenze katundu wa asilikali. A Mathero nawonso anatengedwa mpaka ku boma, a Nabanda n'kutsala atagwira njakata. Koma kumeneko woyeza anthu anangoyang'ana phazi la zala zitatu lija, n'kuwalozera njira ya kwawo. Anatulukira pakhomo dzuwa lisanalowe, akuyenda mwamatama kuposa munthu wa zala zonse.

Pa khonde mkangano unabuka nthawi yomweyo.

"Mulungu anakonzeratu, alamu," anatero a Mateyo. "Muyambe kalasi."

"Zinalembedwa kalekale," anatero Che Lajabu. "Ine ndinkadziwa, kungoti sindinanene kanthu."

"Inu nonse simukudziwa," anatero a Mathero, akutsitsa mawu. "Zala ziwirizo zinatsalira m'khoma. Tsono a boma ndi ansembe amadziwana. Atangoona phazi anati, uyu ndi wa eni kale, tisam'gwire."

A Nabanda sanalowerere. Anali kalikiliki kusonkhezera moto wa madzi, chifukwa mwendo uja unali utayenda ulendo wa ku boma, kupita ndi kubwera, ndipo unabwerera pakhomo pamodzi ndi mwini wake.